Kalondolondo wa maola a ntchito m'mapulogalamu okonzera mapulojekiti

Kalondolondo wa maola a ntchito ndi njira imene oyang'anira mapulojekiti amagwiritsa ntchito poyerekeza maola amene anakonza kuti ntchito idzatenge ndi maola amene anthu agwiradi. Masiku ano zimenezi zimachitika kwambiri pa kompyuta, m'mapulogalamu okonzera ndandanda ya ntchito monga Microsoft Project, Primavera P6 ndi ProjectLibre. Njirayi imapezeka m'makampani omanga nyumba, misewu ndi milatho, m'mafakitale opanga ndege ndi sitima, m'makampani olemba mapulogalamu a pakompyuta, komanso m'maofesi a mainjiniya amene amalipiritsa makasitomala potengera maola.

Cholinga chake ndi kudziwa msanga ngati ntchito idzadya maola ambiri kuposa amene ali mu bajeti, mpata wokonza zinthu udakalipo. Pamafunika manambala atatu: maola amene anakonzedwa poyamba, maola amene agwiridwa kale, ndi maola amene atsala. Pa atatuwa, nambala ya maola otsala ndi imene imavuta kupeza, ndipo ndi imenenso imanyalanyazidwa kawirikawiri. Maola ogwiridwa amangosonyeza nthawi imene yapita. Paokha sanena pamene ntchito yafika.

Kutalika kwa ntchito ndi kuchuluka kwa ntchito

Mapulogalamu okonzera ndandanda amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amasakaniza polankhula. Choyamba ndi kutalika kwa ntchito, kutanthauza masiku ogwira ntchito kuchokera pamene yayamba kufika pamene yatha. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ntchito, kumene kumayezedwa m'maola a munthu aliyense. Anthu anayi akagwirira limodzi kwa maola 8, tsiku lapita limodzi, koma maola a ntchito apita 32.

Mu Microsoft Project kutalika kwa ntchito kumatchedwa Duration, kuchuluka kwake kumatchedwa Work, ndipo gawo la nthawi ya anthu amene apatsidwa ntchitoyo limatchedwa Units. Munthu mmodzi wogwira tsiku lonse amawerengedwa ngati 100 peresenti, anthu awiri 200 peresenti, wogwira theka la tsiku 50 peresenti. Zitatuzi zimalumikizidwa ndi samu imodzi: Work imapezeka pochulukitsa Duration ndi Units. Chimodzi chikasintha, china chimasinthanso, ndipo wokonza pulani ndi amene amasankha chimene chiyenera kukhala chosasunthika. Zosankha zake zilipo zitatu: Fixed Units, Fixed Work ndi Fixed Duration. Pa ntchito ya Fixed Work, kuwonjezera anthu kumachepetsa masiku koma maola onse amakhala omwewo. Pa ntchito ya Fixed Duration masiku sasintha, choncho maola kapena gawo la nthawi ya anthu ndi zimene zimasintha. Ophunzira ambiri amadabwa akaona masiku akusintha okha atangolowetsa maola, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chosankha chimenechi.

Masamu onsewa amadalira kalendala. Microsoft Project ikangoikidwa kumene imawerenga kuti tsiku lili ndi maola 8, sabata ili ndi maola 40 ndipo mwezi uli ndi masiku 20 ogwira ntchito. Kalendala yake imayamba 8 koloko m'mawa kufika 12 koloko masana, kenako 1 koloko kufika 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Maiko ndi makampani amasiyana pa nkhaniyi. Ku France sabata yovomerezeka ndi lamulo ili ndi maola 35, pomwe ku Malawi lamulo la Employment Act la 2000 limalola maola osapitirira 48 pa sabata, osawerengera ovataimu. Kampani imene imagwira ntchito Loweruka ikaiwala kusintha kalendala, pulani yake imakhala yolakwika ntchito isanayambe n'komwe.

Mbiri

Kuyerekeza ntchito yokonzedwa ndi ntchito yochitika kunayamba makompyuta asanabwere. Injiniya wa ku Poland Karol Adamiecki anapanga tchati chosonyeza ndandanda ya ntchito mu 1896, koma chinadziwika mochedwa kunja kwa dera lake. Tchati chimene chinafala ndi cha Henry Gantt (1861–1919), injiniya wa ku United States, amene anachikonza m'zaka za m'ma 1910. Pa matchati ake, danga la tsiku kapena la sabata linkaimira ntchito imene inayenera kuchitika pa nthawiyo, ndipo mzere wojambulidwa m'dangamo unkasonyeza gawo limene lachitikadi. Mzere wosadzaza danga unali chizindikiro chakuti ntchito yatsalira. Boma la United States linagwiritsa ntchito matchatiwa pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo mu 1922 Wallace Clark analemba buku lowafotokoza limene linamasuliridwa m'zilankhulo zingapo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kunabwera njira ziwiri zowerengera ndandanda pa kompyuta. Critical Path Method inakonzedwa ndi makampani a DuPont ndi Remington Rand, pomwe PERT inakonzedwera asilikali a pamadzi a United States pa pulojekiti ya mizinga ya Polaris. Njira ziwirizi zinkayang'ana kwambiri masiku ndi ndondomeko imene ntchito zimatsatizana. Mu 1962 kunatuluka PERT/Cost, imene inawonjezera nkhani ya ndalama, ndipo mu 1967 unduna wa zachitetezo wa United States unakhazikitsa mfundo 35 zimene makampani olandira makontirakiti aakulu anayenera kutsatira popereka malipoti a ndalama ndi nthawi. Mfundozi, zotchedwa C/SCSC, ndi zimene zinafalitsa njira ya earned value. Pambuyo pake zinalowedwa m'malo ndi muyezo wa ANSI/EIA-748 wa 1998, umene unatuluka ndi malangizo 32.

Makompyuta ang'onoang'ono atafala, mapulogalamu otere anafika m'maofesi wamba. Kampani ya Primavera Systems inakhazikitsidwa mu 1983 ndipo inagulidwa ndi Oracle mu 2008. Microsoft Project inatuluka koyamba mu 1984 pa DOS, ndipo ya pa Windows inatuluka mu 1990.

Pulani yosungidwa

Pulani ya pa kompyuta imasintha tsiku ndi tsiku. Ntchito ina ikachedwa, pulogalamu imasunthira kutsogolo zonse zodalira ntchitoyo. Maola akawonjezedwa, chiwerengero chakale chimafufutika. Kuti pakhale poyerekezera, woyang'anira amasunga chithunzi cha pulani monga inalili pa tsiku limene inavomerezedwa. Chithunzi chimenechi chimatchedwa baseline. Mu Microsoft Project chimasungidwa ndi lamulo la Set Baseline, limene limakopera tsiku loyamba, tsiku lomaliza, kutalika, maola ndi mtengo wa ntchito iliyonse n'kuziika m'madanga apadera amene sasintha okha.

Kusiyana kwa maola kumapezeka pochotsa maola a mu baseline pa maola amene pulani ikusonyeza panopa. Danga la yankho limatchedwa Work Variance. Nambala yoposa ziro imatanthauza kuti ntchito ikuyembekezeka kudya maola ambiri kuposa amene anavomerezedwa. Ngati baseline sinasungidwe, danga la Baseline Work limakhala ndi ziro, ndipo kusiyana kumene kumaoneka kumangokhala maola onse a ntchitoyo, nambala imene ilibe phindu lililonse. Pa tchati chotchedwa Tracking Gantt ntchito iliyonse imakhala ndi mizere iwiri: wotuwa wosonyeza baseline ndi wamtundu wosonyeza pulani ya panopa, kotero kuti kutsalira kumaoneka ndi maso.

Microsoft Project imalola kusunga ma baseline 11 mu fayilo imodzi. Zimenezi zimathandiza mwini pulojekiti akavomereza kusintha kwakukulu, monga kuwonjezera chipinda pa nyumba imene ikumangidwa: pulani yatsopano imasungidwa pa nambala ina ndipo yakale imatsala. Koma mpata womwewu ukhoza kugwiritsidwa ntchito molakwika. Woyang'anira amene amasunga baseline yatsopano pamwamba pa yakale nthawi iliyonse ntchito ikachedwa amakhala ndi malipoti osonyeza kuti palibe vuto mpaka tsiku limene ndalama zatha. N'chifukwa chake makontirakiti ambiri aakulu amafuna chilolezo cholembedwa baseline isanasinthidwe.

Kulowetsa maola

Pali njira zitatu zodziwika zouzira pulogalamu mmene ntchito ikuyendera. Yachangu kwambiri ndi kulemba peresenti ya ntchito imene yatha. Pulogalamu imatenga peresentiyo n'kuwerengera yokha maola ogwiridwa ndi otsala. Njirayi ndi yosavuta, koma maola amene imatulutsa ndi ongowerengera: palibe amene anawalemba pa tsiku limene anagwiridwa. Munthu akalemba 50 peresenti pa ntchito ya maola 100, pulogalamu imasonyeza kuti maola 50 agwiridwa, ngakhale anthu atakhala kuti athera maola 90.

Njira yachiwiri ndi kulemba maola onse ogwiridwa m'danga la Actual Work ndi maola otsala m'danga la Remaining Work. Yachitatu ndi kulemba maola a munthu aliyense tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata, pa masamba otchedwa Task Usage ndi Resource Usage. Njira yachitatuyi imafuna khama, koma ndi yokhayo imene imasonyeza tsiku limene maola anayamba kupitirira. M'makampani aakulu antchito amadzaza okha timesheet, fomu yolembapo maola, kapitawo amaivomereza, kenako maolawo amalowa mu pulani.

Microsoft Project imasunga lamulo lakuti maola onse ndi maola ogwiridwa kuphatikiza maola otsala. Munthu akangolowetsa maola ogwiridwa, pulogalamu imawachotsa pa maola onse n'kulemba yankho m'danga la otsala. Imachita ngati ola lililonse logwiridwa lachepetsa ntchito ndi ola limodzi, ndipo ilibe njira yodziwira ngati zimenezo ndi zoona. Maola ogwiridwa akapitirira maola okonzedwa, otsala amafika pa ziro ndipo ntchito imaoneka ngati yatha, ngakhale amisiri adakali pamalopo. Wogwira ntchitoyo kapena kapitawo wake ndi amene ayenera kunena maola amene atsaladi, ndipo wina ayenera kuwalemba pamanja.

Palinso mitundu itatu ya peresenti imene imasokoneza anthu. % Complete imayeza gawo la masiku limene lapita. % Work Complete imayeza gawo la maola, pogawa maola ogwiridwa ndi maola onse. Physical % Complete imalembedwa ndi munthu amene wayeza ntchito yeniyeni, monga mamita a khoma amene amangidwa. Zitatuzi zikhoza kutalikirana kwambiri. Pa ntchito yothira konkire, maola ambiri amapita m'masiku oyambirira, ndipo masiku otsatira ndi ongodikira kuti iume ndi kuithirira madzi. Pa tsiku lachiwiri peresenti ya maola imakhala kuti yakwera kale pomwe ya masiku idakali pansi.

Ovataimu nayo ili ndi lamulo lake. Mu Microsoft Project maola a ovataimu ndi gawo la maola onse a ntchitoyo, osati maola owonjezera pamwamba pake. Pa ntchito ya maola 40, kulemba maola 8 a ovataimu kumatanthauza kuti 32 agwiridwa pa nthawi yanthawi zonse ndipo 8 kunja kwake. Masiku amachepa, mtengo umakwera ngati ovataimu ili ndi malipiro apamwamba, koma maola onse amakhalabe 40.

Chitsanzo

Chitsanzo chongoyerekeza ndi ntchito yoika mawaya a magetsi m'nyumba ya zipinda 10 zofanana. Pulani inapereka maola 8 pa chipinda chilichonse, onse pamodzi maola 80. Amisiri awiri anapatsidwa ntchitoyi, aliyense maola 8 pa tsiku, choncho inayenera kutha m'masiku 5. Baseline inasungidwa ndi manambala amenewa.

Pakutha pa tsiku lachitatu amisiri alemba maola 48, ndendende monga pulani inanenera. Maolawa akangolowetsedwa, pulogalamu imasonyeza kuti atsala maola 32, ntchito yafika pa 60 peresenti, kusiyana ndi baseline ndi ziro, ndipo tsiku lomaliza silinasinthe. Lipoti lotere limasangalatsa aliyense woliwerenga.

Kapitawo akayendera nyumbayo apeza kuti zipinda zimene zatha ndi 4, chifukwa makoma ndi olimba kuposa mmene ankaganizira ndipo kusema tinjira ta mapaipi kukutenga nthawi. Chipinda chilichonse chadya maola 12 m'malo mwa 8. Ngati zipinda 6 zotsalazo zili ndi makoma omwewo, zidzafuna maola 72. Nambala ya 72 ikalembedwa m'danga la maola otsala, chithunzi chonse chimasintha. Maola onse amakhala 120, kusiyana ndi baseline kumakhala maola 40, peresenti ya maola imatsika kufika pa 40, ndipo ntchito ya masiku 5 imakhala ya masiku 7 ndi theka. Opaka pulasitala amene ankadikira kuti mawaya athe nawonso amasunthidwa ndi masiku awiri ndi theka.

Kudziwa zimenezi pa tsiku lachitatu kumapereka mpata wosankha. Woyang'anira akhoza kubwereka makina osemera khoma, kubweretsa mmisiri wachitatu, kuuza opaka pulasitala kuti ayambe ndi zipinda 4 zimene zatha, kapena kukambirana ndi mwini nyumba za ndalama zowonjezera. Popanda nambala ya kapitawo, vutoli likanadziwika pa tsiku lachisanu, pulogalamu ikusonyeza 100 peresenti pomwe zipinda zoposa zitatu zilibe mawaya.

Zikhozanso kuchitika mwanjira ina. Mmisiri mmodzi akatumizidwa ku ntchito ina, pofika tsiku lachitatu maola olembedwa ndi 24 okha m'malo mwa 48. Wongoyang'ana maola angaganize kuti kampani yapulumutsa theka la ndalama. Ngati zipinda zimene zatha ndi 3, mmisiri wotsalayo akugwira pa liwiro limene pulani inkayembekezera, maola onse adzakhalabe 80, koma ntchito yatsalira ndi theka ndipo idzatha mochedwa.

Kuyeza ntchito imene yathadi

Njira ya earned value inapangidwa pofuna kusiyanitsa zochitika ziwiri ngati zimenezi. Imawonjezera nambala ina: maola amene baseline inapereka ku ntchito imene yamalizidwa. Kawirikawiri njirayi imawerengedwa mu ndalama, ndipo madanga a earned value mu Microsoft Project amadalira mitengo imene yaikidwa pa antchito ndi zipangizo. Koma masamu omwewo amagwiranso ntchito ndi maola, ndipo makampani ambiri omanga amawerenga choncho.

Manambala ake amatchedwa PV, EV ndi AC. PV ndi ntchito imene inayenera kutha pofika tsiku la lipoti. EV ndi ntchito imene yathadi, yoyezedwa ndi maola a mu baseline. AC ndi maola amene agwiridwa. Mabuku akale ndi madanga ena a pulogalamu amawatcha BCWS, BCWP ndi ACWP. Kugawa EV ndi AC kumapereka CPI, imene imasonyeza phindu la ola lililonse logwiridwa. Kugawa EV ndi PV kumapereka SPI, imene imasonyeza ngati ntchito ikuyenda pa nthawi yake. Nambala yochepera 1 ndi chenjezo.

Pa nyumba ya makoma olimba ija, PV ndi 48, AC ndi 48, ndipo EV ndi 32, kutanthauza zipinda 4 kuchulukitsa ndi maola 8. CPI ndi SPI zonse ndi pafupifupi 0.67. Kugawa maola 80 a mu baseline ndi CPI kumapereka 120, yankho lofanana ndi la kapitawo. Pamene mmisiri mmodzi anachotsedwa, PV ndi 48, AC ndi 24, EV ndi 24. CPI ndi 1 ndipo SPI ndi 0.5: maola sakuwonongeka, koma anthu ndi ochepa. Mavuto awiriwa amafuna mankhwala osiyana.

Manambalawa amawerengedwa kufika pa tsiku limene woyang'anira wasankha, lotchedwa Status Date. Tsikuli likapanda kuikidwa, pulogalamu imagwiritsa ntchito tsiku la lero, ndipo maola olembedwa Lachisanu lapitalo amayerekezedwa ndi ntchito imene inayenera kutha pofika lero. SPI ilinso ndi chofooka chodziwika bwino: pulojekiti ikatha, EV imafanana ndi PV, choncho SPI imabwerera pa 1 ngakhale ntchito itachedwa ndi chaka. Pofuna kukonza zimenezi, Walt Lipke anafotokoza mu 2003 njira yotchedwa earned schedule, imene imayeza kutsalira m'masabata kapena m'miyezi.

Zimene zimasokoneza manambala

Pulogalamu imawerenga bwinobwino chilichonse chimene yapatsidwa, choncho mavuto ambiri amachokera kwa anthu. Fomu ya maola ikadzazidwa kumapeto kwa mwezi, wodzaza amalemba zimene akukumbukira, ndipo ambiri amangolemba maola 8 tsiku lililonse. Antchito olandira malipiro a pamwezi nthawi zambiri salemba maola amene agwira usiku kapena Loweruka, chifukwa salipidwa. Pulojekiti yotero imaoneka kuti inatha ndi maola ochepa, ndipo pulani ya pulojekiti yotsatira imakonzedwa potengera nambala yabodzayo. Palinso chizolowezi cholemba maola pa ntchito imene idakali ndi maola mu bajeti m'malo mwa imene munthu wagwiradi. Chiwerengero chonse chimakhala cholondola, koma ntchito imene ikuvuta imabisika. Pa makontirakiti a boma olipidwa potengera maola, kuchita zimenezi ndi mlandu m'maiko ambiri.

Mmene mabwana amagwiritsira ntchito malipoti zimakhudzanso zimene anthu amalemba. Kumene wopitirira maola amadzudzulidwa pamaso pa anzake, antchito amaphunzira msanga kulemba manambala ogwirizana ndi pulani, kapena kupempha maola ochuluka poyamba kuti asadzapitirire. Kumene funso la maola otsala limafunsidwa sabata iliyonse popanda chilango, manambala amakhala oipa pooneka koma othandiza.

Kuyerekezera maola nakonso kumavuta. Mu 1979 akatswiri a maganizo a anthu Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anafotokoza chizolowezi cha anthu chochepetsa nthawi imene ntchito yawo idzatenge, ngakhale akudziwa kuti ntchito zofanana nazo zinatenga nthawi yaitali m'mbuyomo. Iwo anachitcha planning fallacy. Chizolowezi chomwechi chimakhudza maola otsala. M'makampani olemba mapulogalamu a pakompyuta n'zofala kuti ntchito ifike msanga pa 90 peresenti kenako n'kukhala pomwepo masabata ambiri, chifukwa mavuto ovuta kwambiri amaonekera poyesa ntchitoyo kumapeto. Pofuna kupewa mikangano ya peresenti, mapulojekiti ena amagawa ntchito m'tizigawo tating'ono ndipo amawerenga kagawo ngati ziro mpaka katatheratu. Ena amapereka 50 peresenti ntchito ikayamba ndi 50 yotsalayo ikatha. Mbiri ya maola enieni a mapulojekiti akale ndi imene imathandiza kwambiri pokonza pulani yatsopano, ndipo kwa makampani ambiri phindu lalikulu la kalondolondoyu lili pamenepa.

Samu ya pulogalamu imaonanso maola onse ngati ofanana. Ola la mmisiri wodziwa ntchito ndi ola la wophunzira amalembedwa mofanana. Imawerenganso ngati anthu awiri amamaliza ntchito pa theka la nthawi ya munthu mmodzi. Fred Brooks, amene anayang'anira ntchito yopanga OS/360 ku IBM, anatsutsa ganizo limeneli m'buku lake la 1975 lotchedwa The Mythical Man-Month. Iye anaona kuti anthu atsopano amafunika kuphunzitsidwa ndi amene alipo kale, ndipo gulu likamakula nthawi yambiri imathera m'kukambirana, moti kuwonjezera anthu pa pulojekiti ya mapulogalamu imene yachedwa kale kumaichedwetsanso.

Kupitirira maola ndi kuchedwa kwa pulojekiti ndi nkhani ziwiri zosiyana. Ntchito zina zili ndi mpata, ndipo zikhoza kudya maola ambiri popanda kusuntha tsiku lomaliza, ngakhale zimawononga ndalama. Zina zili pa mndandanda wa ntchito zopanda mpata, wotchedwa critical path, pamene kuchedwa kwa tsiku limodzi kumachedwetsa pulojekiti yonse. Chiwerengero cha pamwamba, chophatikiza ntchito zonse, chikhoza kubisa zimenezi: maola opulumutsidwa pa ntchito yosafunika kwambiri amaphimba maola opitirira pa ntchito imene zonse zikudalira.

Ndege ya A-12

Nkhani imene imatchulidwa kawirikawiri pophunzitsa earned value ndi ya ndege yankhondo ya A-12 Avenger II. Mu 1988 asilikali a pamadzi a United States anapereka kontirakiti yopanga ndegeyi ku makampani a General Dynamics ndi McDonnell Douglas. Makampaniwa ankapereka malipoti a ndalama ndi ntchito yomalizidwa monga mfundo za C/SCSC zinkafunira. Kumayambiriro kwa 1990 nduna ya zachitetezo Dick Cheney inauza nyumba ya malamulo kuti pulojekiti ikuyenda bwino, koma patangopita masabata ochepa makampaniwo anaulula kuti ntchito yachedwa ndipo mtengo wakwera kwambiri.

Kafukufuku amene asilikali a pamadzi anachita chaka chomwecho anapeza kuti manambala a m'malipoti anali atasonyeza kale vutoli, ndipo owerengera ndalama anali ataliona, koma akuluakulu a pulojekiti anapereka kwa mabwana awo ziwerengero zopatsa chiyembekezo. Cheney anathetsa pulojekitiyi mu Januwale 1991, ndege ngakhale imodzi isanauluke. Milandu ya pakati pa boma ndi makampaniwo inatha mu 2014. Malipoti a A-12 ankawerengedwa mu madola, koma masamu ake ndi omwe aja a PV, EV ndi AC.

Mapulogalamu ena

Primavera P6, imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mapulojekiti a zomangamanga, mafuta ndi magetsi, imatcha maola kuti Units. Ili ndi madanga a Budgeted Units, Actual Units, Remaining Units ndi At Completion Units, ndipo lomalizali limapezeka pophatikiza maola ogwiridwa ndi otsala. ProjectLibre ndi pulogalamu yaulere imene inatuluka mu 2012. Imatsegula mafayilo a Microsoft Project ndipo imalola kusunga baseline, choncho ophunzira amene sangakwanitse kugula laisensi amaphunzirirapo. Pulojekiti yaing'ono ikhoza kulondoleredwa ngakhale mu Excel, ndi madanga anayi a maola okonzedwa, ogwiridwa, otsala ndi kusiyana kwake, ngakhale Excel siisuntha yokha masiku a ntchito zodalirana.

Jira, ya kampani ya Atlassian ya ku Australia, imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi olemba mapulogalamu a pakompyuta. Pa ntchito iliyonse imasunga Original Estimate, Time Spent ndi Remaining Estimate. Munthu akamalemba maola amene wagwira, amasankha kuti pulogalamu ichepetse yokha maola otsala kapena alembe yekha nambala yatsopano.

Magulu ena otsatira njira ya Scrum anasiya kulondola maola ogwiridwa pokonza ntchito zawo. Amagawa nthawi m'zigawo zosapitirira mwezi umodzi, ndipo tsiku lililonse amajambula ntchito yotsala pa tchati chotchedwa burndown, chimene mzere wake uyenera kutsika kufika pa ziro pakutha pa chigawocho. Ambiri amayeza kukula kwa ntchito ndi mapointi m'malo mwa maola. M'makampani amene amalipiritsa makasitomala potengera maola, magulu oterewa amadzazabe timesheet, koma imapita ku ofesi ya zandalama, osati kwa okonza ndandanda.